Khutu la Nyazuwa

Lachisanu masana, banja la a Chavula linali m'chigafa kusoka fodya. Mvula inali itangokata kumene ndipo denga laudzu linali likudonthabe. Mabel anakhala kumapeto, pafupi ndi mulu wa masamba aawisi, zala zili bii ndi phula la fodya. Mwamuna wake, Gordon, ankapachika mikangala. Amock, mkulu wake wa Gordon, ankangozungulira kuloza zimene ena alakwitsa, pomwe mkazi wake Kezia ankasoka mofulumira ngati wina akumuthamangitsa. Pakhomo pa chigafa panakhala apongozi ake a Mabel, a Hezron Chavula. Iwo sankasoka. Anali akunola mpeni wawo pamwala, pang'onopang'ono, kulavulira pamwalapo kukauma.

Atatha kuyesa mpeniwo pa ubweya wa pamkono, anauza ana awo kuti mawa ndi tsiku lodula makutu. Anatchula mathole anayi amene anabadwa chaka chimenecho. Kenaka anayang'ana kwa Gordon.

"Ndi thole la mkamwana lomwe. Lakhala kuseri kwa khitchini ngati mbuzi miyezi inayi. Mawa lilowe m'khola."

Mabel sanadzutse mutu. Iye anali wa ku Dedza, ndipo pa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri zimene anakhala kuno kumtunda kwa Katowo anali ataphunzira zoyenera mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana wa pamudzi. Sayankha apongozi aamuna pamaso, mawu ake amadzera mwa mwamuna wake. Salowa m'khola la ng'ombe. Amagwada patali. Zonsezi ankazichita popanda kudandaula, ndipo anthu ankamutcha Nyambewe waulemu.

Koma tholelo linali lake. Analandira ku gulu la amayi a kutchalitchi, lamawanga akuda ndi oyera, la mtundu wa mkaka, ndipo analitcha Ungweru. Ankalimwetera yekha nsenjere, kulitungira madzi, kulichotsa nkhupakupa ndi zala. Likadzakula n'kubereka, mwana woyamba wamkazi anali woti adzapite kwa mayi wina wa m'gululo, monga mmene iyenso analandirira.

Kudula makutu kwa a Chavula kunali ndi mwambo wake, umene a Hezron anautenga kwa bambo awo. Mpeni usanakhudze thole, unkayamba walawa khutu la ng'ombe yaikulu kuposa zonse, imene ankaitcha mayi wa khola. Ankaicheka pang'ono kuti mpeni unyowe, kenaka ndi magazi omwewo, asanaume, ankadula mipata iwiri kukhutu lamanzere la thole. Thole lililonse ankayamba abwerera kwa mayiyo. Ankati thole lolandira magazi a khola silisochera, silitsata ng'ombe za eni, ndipo madzulo limabwera lokha. Ngakhale jakisoni wa njoka zam'mimba ankayambira kwa mayi yemweyo, kutsika mwa ukulu mpaka kukafika kwa wamng'ono, chifukwa ankati mwana sayamba kusamba m'manja akulu alipo.

Mayi wa khola zaka zimenezi anali Nyazuwa, ng'ombe yofiira, yonenepa, ya linunda lalikulu. Mabel ankaiona tsiku lililonse ikutuluka, ndipo sanazolowere khutu lake. Linali long'ambikang'ambika ngati tsamba la nthochi la m'mbali mwa njira, zipsera pamwamba pa zipsera, m'mphepete muli nkhanambo zosapola. Nyengo ya mvula ntchentche zinkatera pamenepo mpaka khutu kuda. Akaliona asanadye, tsiku limenelo chakudya chinkamuvuta.

Asanamalize mulu wa fodya, Amock anapita kuseri n'kubwera akupukusa mutu. Anati Chikhaki safika madzulo. Chikhaki inali ng'ombe yaikazi imene inali itagona masiku atatu kunja kwa khola, miyendo yakumbuyo itafa. Amock anati ndi bwino kuipha ikadapuma, chifukwa nyama ya ng'ombe yofa yokha anthu amaikayikira, ndipo mawa ndi tsiku la msika ku Katowo. A Hezron anavomera ndi mutu. Amuna anatsogola, amayi anatsatira ndi mabeseni.

Mabel anali asanaiyandikire ng'ombeyo sabata yonse. Anaipeza itatha, nthiti zikuwerengeka, koma kutsogolo kwa mapewa ndi m'mphechepeche munali zotupa zazikulu ngati mapapaya. Maso anali tong'o, otuzukira kunja moti zikope sizinkatseka, ndipo diso limodzi linali litauma n'kuchita mbuu. Ntchentche zinkalowa ndi kutuluka m'mbali mwake. Ng'ombeyo sinaphiriphithe n'komwe pamene mpeni unadutsa pakhosi.

Atasenda chikopa n'kung'amba mimba, fungo linatuluka loti Kezia anabwerera m'mbuyo atatseka mphuno ndi chitenje. Silinali fungo la ndowe limene aliyense amalidziwa. Linali lotsekemera, lolemera, lokakamira kukhosi. Mabel anagwada ndi beseni lake kuti alandire matumbo, monga ankachitira nthawi zonse, ndipo anaona zimene zinali m'katimo. Paliponse panali zibulumwa zotuwa, zoyererako, zina ngati mazira a nkhuku, zina ngati mutu wa mwana, zitamera m'mafuta a matumbo, pachifu, m'mbali mwa msana. Mtima unali ndi mabala oyera ofewa ngati sopo wonyowa. Amock anaboola chibulumwa chimodzi ndi nsonga ya mpeni, ndipo munatuluka zamadzimadzi zachikasu zimene zinayenderera mpaka pachala cha phazi la Mabel.

"Mlamu, bwanji nkhope? Kwanu ku Dedza simudya nyama yonona?" anatero Amock akuseka.

Mabel anaika beseni pansi, napita kuseri kwa mtengo wa gwafa. Anasanza mpaka m'mimba munangotsala ndulu. Anapukuta phazi lake paudzu wonyowa kambirimbiri, koma ankamvabe ngati pali chinthu.

Akubwerera anamva njinga yamoto ikukwera kamtunda. Anali mayi Isabella Msowoya, mlangizi wa ziweto wa dera limenelo, atavala jombo ndi chikhoti cha mvula. Mwezi wapitawo anabwera ndi anthu a kafukufuku amene ankatenga magazi a ng'ombe m'midzi ingapo, ndipo tsopano ankagawa zotsatira. Anapereka moni kwa a Hezron atapinda maondo, kenaka anaima pambali pa nyamayo kuiyang'anitsitsa. Anavala magolovesi, natembenuza mtima uja, nacheka chotupa chimodzi pakati. Atatero anapempha kuti onse akhale pansi.

Anafotokoza modekha, mawu ena m'Chitumbuka chifukwa cha akuluwo, ena m'Chichewa. Anati matendawo ndi khansa ya m'magazi ya ng'ombe, ndipo imabwera ndi kachilombo kamene kamakhala m'magazi momwemo. Kakalowa sikatuluka. Kalibe mankhwala, kalibe katemera. Anatulutsa pepala m'chikwama chapulasitiki n'kuwerenga maina amene a Hezron anamupatsa okha tsiku lotenga magazi. Pa ng'ombe khumi ndi zisanu ndi ziwiri, khumi ndi imodzi zinali nako. Chikhaki analipo. Nkhunzi inalipo. Nyazuwa analipo. Zimene zinalibe zinali ng'ombe ziwiri zapangolo zimene anagula chaka chatha, mathole atatu mwa anayi aja, ndi thole la Nyambewe.

A Hezron anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu wamkulu womvera chisoni mwana. Analoza kukhola, kumene ng'ombe zinali zitabwera kuthawa mvula. Anati ayang'ane Nyazuwa. Ng'ombe ya zaka khumi ndi zinayi, yobereka chaka ndi chaka, khungu lonyezimira, kodi imeneyo ndi yodwala?

Mayi Msowoya anati m'pamene pagona vuto. Ng'ombe zambiri zimakhala nako mpaka kukalamba osaonetsa kanthu, kupatula mwina kuchepa mkaka ndi kudwaladwala. Ndi zochepa chabe zimene zimatupa ngati Chikhaki, ndipo zimatero patapita zaka. Koma yonenepayo imapatsira zinzake chimodzimodzi. Anati kachilomboka sikauluka ndi mphepo, sikakhala m'udzu kapena m'madzi akumwa. Kamayenda ndi magazi aawisi, ngakhale kadontho kosaoneka ndi maso. Singano imodzi yobaya ng'ombe zonse, mpeni wodulira makutu, chodulira nyanga, chofulira, zonsezo ndi njira zake. Ntchentche zoluma nazo zimatha kunyamula ng'ombe zikathinana. Mathole ena amabadwa nako, ena amatengera ku mkaka wa mayi.

Kenaka anapempha kuona jakisoni amene amagwiritsa ntchito pakhomopo.

A Hezron anapita okha kukamutenga, monyadira. Anali m'chitini chakale cha polishi wa pansi, atakulungidwa m'kansanza kamene kale kanali koyera. Anali jakisoni wachitsulo, wolemera, amene anapatsidwa akugwira ntchito pa dibi yosambitsira ng'ombe kalekale. Singano inali imodzi, yopindika pang'ono, m'tsinde mwake muli zakuda zoundana. Anati singano imeneyo yabaya ng'ombe za mudzi uno ndi za midzi itatu yoyandikana, ndipo sinathyokepo. Ikatsekeka, anati, amangotere. Anaiika pamilomo n'kuuzira. Kanthu kakuda kanatuluka n'kugwera pabondo lawo, iwo nakachotsa ndi chala.

Mabel anayang'ana kumbali. Asanakwatiwe anagwirapo ntchito yokolopa m'chipatala kwawo, zaka zimene anthu ankafa motsatizana ndipo anamwino ankakalipa akaona singano ili poyera. Ankadziwa kuti singano yobaya munthu mmodzi siyandikira wina. Zaka zonsezi chitinicho ankachiona pawindo la apongozi ake, ndipo sanaganizepo kuti ng'ombe nazo zili ndi magazi otengerana matenda. Anadzinyansa yekha kuti sanaganize.

Mlangizi uja sanakalipe. Anati kuyambira lero, ng'ombe iliyonse singano yake, ndipo ngati palibe, aziwiritsa asanabaye ina. Mpeni azitsuka ndi kuuviika m'mankhwala akadula ng'ombe imodzi. Zimene zilibe azipatule. Atamva za mwambo wa khutu la mayi wa khola, amene Gordon anafotokoza akuyang'ana pansi, mlangiziyo analankhula molunjika kwa mkuluyo.

"Adada, mpeni ukachoka kwa Nyazuwa n'kupita kwa thole, ndiye kuti mwalibaya matenda ndi dzanja lanu. Palibenso njira ina yachidule kuposa imeneyo."

Za nyamayo anati ikwiriridwe yonse, m'dzenje lakuya. Anati sakudziwa zoti kachilomboka kamadwalitsa anthu, koma nyama yotupa chonchi si chakudya, ndipo mkaka aziwiritsa nthawi zonse.

"Yewo chomene, mwana wanga," anathokoza a Hezron m'Chitumbuka. Anatuma Kezia kuti amuthyolere mlangiziyo chimanga chachiwisi, namuperekeza mlendoyo mpaka pa njinga yake, namufunsa za makolo ake ku Nchenachena. Phokoso la njinga litazilala kuseri kwa phiri, anabwerera pang'onopang'ono, natola mpeni wawo pachikopa cha Chikhaki. Anaupukuta kawiri paudzu n'kuulowetsa m'chimake. Anati mtsikana ameneyo ndi waulemu, koma mpeni uwu unayamba ntchito agogo ake asanabadwe. Anati Chikhaki anadya pulasitiki, ndipo pepala likhoza kulemba chilichonse. Mawa kudula makutu kulipo.

Amock anakumba dzenje losafika m'maondo. Anaponyamo matumbo, mtima ndi mutu. Miyendo ndi msana anazisenga bwinobwino, kuchotsa zotupa zimene zinkaoneka, kuponyera agalu. Galu wamkulu ananunkhiza n'kuchoka, koma kagalu kakang'ono kanameza kamodzi, kanabwerera, n'kumezanso. Nyama yotsalayo anaiika m'matumba a feteleza, nati anthu a ku Katowo sagula pepala, amagula nyama. Kezia anatenga chiwindi, nachiyang'ana uku ndi uku, nati chilibe kanthu. Posakhalitsa fungo la chiwindi chokazinga ndi anyezi linadzaza pakhomo ponse. Mabel anatseka chitseko cha khitchini yake.

Dzuwa likupendeka anapeza Gordon kuseri kwa nyumba akusamba m'manja ndi mchenga. Ungweru anali pomwepo, atamangidwa pamtengo, akutafuna nsenjere. Mabel anamuuza mwamuna wake kuti apite kwa bambo ake akawapemphe kuti mawa asiye, kapena adule ndi mpeni wowiritsa, osayambira kwa Nyazuwa. Gordon anati wamva. Mabel anati kumva anamva aliyense, funso ndi lakuti apita kapena ayi. Gordon anapitiriza kupukusa mchenga m'zala zimene zinali zitayera kale.

"Abambo a Thandi, pepala lija munalimva. Thole ili lilibe."

"Ndikawauza kuti chiyani? Kuti ng'ombe zonse zimene zafa pakhomo pano zaka makumi anayi anapha ndi iwo? Munthu wa zaka zimenezija?"

"Ndiye aphenso langali kuti asachite manyazi?"

Gordon anati mlangizi yemwe wanena kuti zambiri sizidwala, mwina tholelo lidzakhala ngati Nyazuwa, lonenepa mpaka kukalamba. Mabel anamufunsa ngati iyeyo angamwe kapu imene wauzidwa kuti mwa anthu makumi awiri amafa mmodzi yekha. Anamufunsanso za mayi amene adzalandire mwana wa tholelo, ngati adzamuuze kuti walandira chiyani. Gordon anati nkhani za khola si za amayi, ndipo ananena motsitsa mawu, ngati munthu wobwereza zimene sakuzikhulupirira. Mabel anamuyang'ana, munthu wabwino amene sanamumenyepo, woimba bwino m'kwaya, ndipo anamva nseru yomweyo imene anamva pamtengo wa gwafa.

M'mawa kutacha, Amock anali atatsetsereka kale ndi njinga yake, matumba awiri kumbuyo. A Hezron ndi Gordon anali kukhola kupatula mathole. Mabel anamva kulira kwa ng'ombe ndi kukuwa kwa amuna, ndipo anadziwa kuti akamaliza kumanga Nyazuwa abwera ndi chingwe.

Anatsegula bokosi limene ankasungiramo zinthu za mwana wake Thandi, amene anali kusukulu yogonera ku Phwezi. Munali sopo, shuga, ndi malezala atatu atsopano m'mapepala ake. Anatenga limodzi. Anasungunula mchere m'madzi owira, nawasiya kuti azizire pang'ono. Kenaka anapita kwa Ungweru, namukanda pamphumi mpaka anatsitsa mutu, nakulunga chingwe kuzungulira tinyanga take ndi mtengo, kukoka mpaka tsaya linagunda khungwa.

Chizindikiro cha a Chavula ankachidziwa, mipata iwiri kunsonga kwa khutu lamanzere, wina pamwamba pa unzake. Anali atachiona pa ng'ombe iliyonse ya pamudzipo. Chimene sankadziwa n'chakuti khutu ndi lolimba chotero. Lezala linalowa n'kuima pakati, pa kafupa kofewa. Thole linalira, linaponda phazi lake, linadzikoka mpaka mtengo unagwedezeka. Mabel anagwira khutu ndi dzanja lonse n'kukankha. Kachidutswa kanatsalira m'manja mwake, kofunda, kaubweya. Mpata wachiwiri unapita mkati kuposa mmene ankafunira. Magazi anathamanga m'mkono mwake mpaka m'chigongono, ena anamuwazikira pakamwa pamene tholelo linapukusa mutu. Analavula, nathira madzi amchere pabalapo, nalifinya ndi kansalu koyera mpaka magazi anachepa. Ungweru ankanjenjemera, ndipo anamuyang'ana ndi diso limodzi loyera m'mbali.

Ali chomwecho, Gordon anatulukira pakona ya khitchini ndi chingwe, bambo ake ali pambuyo. Onse awiri anaima. Mabel anataya lezala m'chitini cha madzi amchere, nabwerera m'mbuyo, nagwada pamatope patali ndithu, manja amagazi ali pamaondo.

A Hezron anayandikira tholelo, nagwira khutu, nalitembenuza. Anayang'ana mipatayo nthawi yaitali. Sanayang'ane kwa Mabel. Anafunsa Gordon ngati ndi iye amene wauza mkazi wake kuti achite zimenezi, ndipo Gordon anati sanadziwe kanthu. Anafunsa ngati kwawo kwa mkaziyo amayi amadula ng'ombe. Mkuluyo anapukuta zala zake pabuluku mosamala, chala chimodzichimodzi, ngati wagwira chonyansa.

"Khutu lodulidwa silidulidwanso," anatero. "Koma ichi si cha m'khola langa. Chadulidwa ndi dzanja la mkazi, chilibe magazi a khola. Chisadzapondemo. Chisadzadye ndi ng'ombe zanga, chisadzamwe nazo, ndipo nkhunzi yanga isadzachinunkhize. Umuuzenso mkazi wako kuti mbale ya m'khitchini mwake isadzafikenso pakhomo panga."

Mabel anaweramitsa mutu. Zoyambazo n'zimene ankafuna, ndipo mtima wake unakhala pansi. Chomalizacho chinamupweteka kuposa mmene ankayembekezera. Kuyambira pamene apongozi ake aakazi anamwalira, iye ndi amene ankawaphikira mkuluyo phala la m'mawa, lothira nsinjiro, mmene ankalikondera. Pofika Lamulungu tchalitchi chonse chidzakhala chitamva.

A Hezron anatembenuka kuti azipita. Apo Mabel anachita chimene sanachitepo chikwatiwire, analankhula nawo pamaso.

"Adada, mathole atatu aja alibe. Ndapota nanu, lero muwasiye."

Mkuluyo anaima, koma sanacheuke. Anauza Gordon kuti abwere ndi chingwe, dzuwa likukwera. Gordon anayang'ana mkazi wake, nayang'ana msana wa bambo ake, kenaka anakulunga chingwe pamkono n'kutsatira.

Mabel anadzuka n'kumasula mutu wa Ungweru. Kuchokera pamene anaima ankaona khola kudzera m'mipata ya mitengo. Sanafune kuyang'ana koma anayang'ana. Nyazuwa anali atamangidwa pachipata, ataima phee ngati ng'ombe yozolowera. A Hezron anafufuza pakhutu lake malo amene anali asanachekedwe, nakanda nkhanambo ndi chikhadabo, nacheka. Ntchentche zinabalalika n'kubwereranso. Gordon anali atagwetsa thole loyamba m'matope, kamwana kofiira ka nkhope yoyera, bondo lake lili pakhosi pake. Mkuluyo anawoloka ndi mpeni uli psuu, ataugwira mopingasa kuti magazi asadonthe, akuyenda mosamala ngati wanyamula mkaka m'supuni. Thole linalira. Anabwerera kwa Nyazuwa, nachekanso, nawoloka kachiwiri. Kachitatu Mabel analowa m'khitchini, koma kulirako kunamutsatira.

Anasamba m'manja ndi sopo wa Thandi, natsuka m'kamwa katatu. Chitenje anachivula n'kuchiviika m'beseni, navala china. Phala limene anaphika m'mawa linali padzuwa la pawindo, litauma pamwamba, mbale ya apongozi ili pambali yovundikira. Anaiyang'ana, kenaka anathira phalalo m'mbale yake, nadya masupuni awiri, nasiya.

Kezia anasuzumira pakhomo, maso ali pa beseni la madzi ofiira. Anafunsa monong'ona ngati n'zoona zimene wamva. Mabel anati n'zoona. Kezia anati iye sakanatha, ndipo sizinadziwike ngati akumuyamikira kapena akumudzudzula. Kenaka anafunsa kuti nanga tholelo likadzakula adzalikweretsa ndi nkhunzi ya ndani, popeza ng'ombe za midzi itatu zinabayidwa ndi singano yomweyo. Mabel anati akafunsa mayi Msowoya Lolemba, anamva kuti pali njira ina yobereketsa popanda nkhunzi. Anati pakadali pano chofunika ndi khola, kutali ndi ntchentche za uko, mwina kumunsi kwa nthochi. Mitengo adula yekha. Kezia anati chikwanje chake ndi chakuthwa kuposa cha Gordon, akhoza kubwereka, koma asanene kuti wamupatsa ndi iye.

Dzuwa linali litakwera ndipo mumphika wamadzi munalibe kanthu. Mabel anatenga ndowa ziwiri, ina yapanyumba, ina ya thole, natsetsereka kumjigo. Anapeza amayi ambiri chifukwa linali Loweruka, tsiku lochapa. Anapereka moni, naika ndowa zake kumapeto kwa mzere, pambuyo pa chigubu chachikasu cha mayi wina wotchedwa Nyakalua, nakhala pamwala kudikira.